Neba akukulitsa nyumba ku England: musankhe saveya uti musanasaine chilichonse?

Nyumba zambiri zimene Amalawi akugula ku England ndi ku Wales ndi zogundizana, kaya za m'ndandanda zija amati terrace, kaya ziwiri zogawana khoma limodzi. Khoma lapakatilo ndi la nonse awiri. Tsiku limene neba aganiza zokulitsa khitchini kumbuyo kapena kumanga chipinda kudenga, ntchito yake imafika panyumba panu, mufune musafune. Zitsulo zonyamula chipinda cha kudengacho amazilowetsa m'khoma lomwelo. Dzenje la maziko amalikumba m'mbali mwa maziko anu, ndipo popeza nyumba za nthawi ya Mfumukazi Victoria zambiri maziko ake ndi osazama, dzenje latsopanolo kawirikawiri limatsika kupitirira pamene anu anathera.

Lamulo loyendetsa zimenezi ndi Party Wall etc. Act 1996 (party wall ndi khoma logawana lija), limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 1997 m'dziko lonse la England ndi Wales. Ku Scotland ndi ku Northern Ireland silifikako. Lamuloli limati neba akudziwitseni polemba kalata, imene onse amangoitchula kuti notice. Ngati akugwira khoma logawana, akupatseni miyezi iwiri ntchito isanayambe. Ngati akumanga khoma latsopano pamalire, mwezi umodzi. Mwezi umodzinso ngati akukumba pamtunda wosapitirira mamita 3 kuchokera panyumba yanu mozama kuposa maziko anu, kapena mamita 6 pamene dzenjelo ndi lakuya kwambiri, monga la chipinda chapansi pa nthaka. Chilolezo cha kukhansolo sichilowa m'malo mwa notice imeneyi. Ndi nkhani ziwiri zosiyana, ngakhale omanga ena amayankhula ngati ndi imodzi.

Mukalandira notice muli ndi masiku 14 oti muyankhe. Mukavomera polemba, ntchito imapitirira. Pa ntchito ya khoma logawana ndi ya kukumba, mukakana kapena kungokhala chete, lamulo limaona kuti pali kusagwirizana, ndipo pamenepo ndi pamene saveya amalowa. Iyeyu si woyeza malire a puloti ayi. Ntchito yake ndi kulemba award, chikalata chonena mmene ntchito iyendere, maola ogwirira ntchito, mmene omanga angalowere kwanu, ndi amene adzakonze chikawonongeka chinthu. Ngati mukuchita lendi wamba, notice ndi ya landilodi wanu, koma ngati muli ndi leasehold, umwini wa nyumba wa nthawi yoikika, yopitirira chaka chimodzi, lamulo limakuwerengani ngati mwini nyumba.

Zoyezera munthu musanamupatse ntchito

Mfundo imene ndikufuna muisunge kuposa zina zonse ili mu ndime 10 ya lamuloli. Saveya mumamusankha polemba, ndipo mukamusankha simungamuchotse. Ngakhale asiye kuyankha foni, ngakhale muone kuti sakudziwa chimene akuchita, mulibe mphamvu yomuuza kuti basi. Amachoka yekha akadziona kuti sangathe kupitiriza. Choncho kufufuza konse kuchitike siginecha yanu isanagwe papepala.

Chachiwiri n'chodabwitsa: lamulo silifuna kuti saveya wa party wall akhale ndi pepala la sukulu lililonse. Aliyense amene si mmodzi wa eni nyumba awiriwo angathe kudzitcha saveya. Ndiye funsani kumene munthuyo analembetsa, kenako mukatsimikize nokha pa intaneti. Alipo mabungwe atatu odziwika: Royal Institution of Chartered Surveyors (RICS), imene mamembala ake amalemba MRICS kapena FRICS kumapeto kwa dzina, Faculty of Party Wall Surveyors, ndi Pyramus & Thisbe. Kampani yoyang'aniridwa ndi RICS imakakamizidwa kukhala ndi inshuwalansi yolipira kasitomala ikalakwitsa ntchito, komanso njira yolandirira madandaulo. Komabe zilembo za MRICS pazokha sizikwanira, chifukwa ena mwa iwo moyo wawo wonse amangowerengera mabanki mitengo ya nyumba. Mufunseni kuti ntchito za party wall amazigwira pafupipafupi bwanji, ndipo zofanana ndi yanuyo anazigwirapo m'dera liti.

Funsaninso kuti adzafike panyumba panu ndi ndani. Lamulo limasankha munthu, osati kampani, choncho dzina la munthu mmodzi lioneke pakalata.

Kenako mupempheni akuonetseni chitsanzo cha schedule of condition imene analembapo, atafufuta dzina ndi adiresi. Ichi ndi chikalata cholongosola mmene nyumba yanu ilili ntchito isanayambe. Lamulo silichitchula n'komwe, koma ndi chimene chimadula mlandu ming'alu ikaoneka. Saveya wosamala amalowa chipinda chilichonse choyang'anizana ndi ntchitoyo. Amagoneka tochi m'mbali mwa khoma kuti kuwala kuonetse timing'alu tosaoneka ndi maso, n'kulemba kuti pamwamba pa chitseko cha kukhitchini, mbali ya kumanzere, pali mng'alu wopyapyala ngati tsitsi wokwera mpaka ku siling'i. Amagogoda matailosi kuti amve amene akulira mphako. Amatsegula ndi kutseka zitseko ndi mawindo kuti adziwe zimene zimakakamira kale. Amakwera kudenga kukaona chumuni, amatuluka panja kukajambula mpanda, njerwa ndi konkire ya pakhonde. Wina amangoima pakati pa balaza, kujambula zithunzi zochepa ndi foni, n'kumapita. Mukaona zitsanzo za awiriwa simusowanso wokuuzani kusiyana kwake.

Chomaliza, mvetserani zimene akulonjeza. Wonena kuti adzaimitsa ntchitoyo akukunamizani. Lamuloli limapatsa neba ufulu womanga, ndipo saveya alibe mphamvu pa nkhani ya kutchingidwa dzuwa, kuoneka konyansa kwa chimangocho, kapena mkangano wa malire. Munthu amene angakuuzeni zimenezi poyera pa foni yoyamba, ngakhale akuona kuti sizikukusangalatsani, ndi amene ine ndingamukhulupirire. Tsopano tione njira zisanu zimene zilipo.

Njira yoyamba: kuvomera, popanda saveya wolemba award

*Mtengo.* Inu simulipira kanthu, ndipo neba amapulumutsa ndalama zambiri. Chifukwa cha chimenechi mungamupemphe kuti alipire katswiri wodzalemba schedule of condition yokha, ndipo ambiri amavomera msanga poti n'zotsika kuyerekeza ndi award yonse.

*Kupezeka.* Kalata imodzi basi, mkati mwa masiku 14. Kabuku ka boma kofotokoza lamuloli, kamene kali pa GOV.UK, kali ndi zitsanzo za makalata oterewa. Kuvomera kwa pakamwa mutaima pampanda sikuwerengedwa.

*Zoti muzisamalira.* Zonse zili pamutu panu. Ndinu woyang'ana ngati akukumba mmene mapulani akusonyezera, ndinu wolankhula ndi kontilakita, ndinu wosunga zithunzi.

*Zoopsa.* Kuvomera sikuchotsa udindo wa neba wokonza kapena kulipira zimene wawononga, ndipo mukasemphana pambuyo pake asaveya angathe kusankhidwabe. Vuto n'lakuti panthawiyo konkire imakhala itauma kale. Palibe amene anaunika njira yokumbira isanayambe, ndipo palibe pepala loletsa omanga kuyamba kugumula khoma m'mamawa mwana ali mtulo.

Njira yachiwiri: saveya mmodzi wa nonse awiri

Ameneyu amatchedwa agreed surveyor, ndipo pa ntchito zambiri zapakhomo ndiye woyenera.

*Mtengo.* Munthu mmodzi, bilu imodzi, wolipira ndi neba. Ambiri amatchula mtengo wokhazikika ntchito isanayambe. Ku London mitengo imakwera kuposa kumadera ena.

*Kupezeka.* Kawirikawiri dzina lake limabwera litalembedwa kale mu notice. Simukakamizidwa kulandira dzina limenelo. Muli ndi ufulu wotchula wina, n'kumuuza neba kuti mukavomera ameneyu, tigwiritsa ntchito mmodzi. Neba wanzeru amavomera, chifukwa kukana kumatanthauza kulipira awiri.

*Zoti muzisamalira.* Pemphani mapulani osonyeza kuzama kwa maziko, werengani schedule of condition ndi kunena ngati chipinda china chaiwalika, ndipo onetsetsani kuti award ikunena kuti saveya adzabweranso ntchito ikatha. Sungani kope lanu bwino, chifukwa tsiku logulitsa nyumba loya wa wogula angathe kulifunsa.

*Zoopsa.* Pano m'pofunika kufatsa. Saveya akakhala mmodzi, palibe mnzake womuwongolera. Akalemba award imene simukugwirizana nayo, njira yotsala ndi apilo ku county court, ndipo muli ndi masiku 14 okha kuchokera pamene mwailandira. Kukhothi kumafuna maloya, ndipo woluza nthawi zambiri amalipiranso ndalama za mnzake. Ndiye funso lofunika kwambiri ndi lakuti munthuyu anamudziwa bwanji neba wanu. Ngati ndi yemweyo amene anajambula mapulani, kapena amene aziyang'anira ntchito yomanga, kanani mwaulemu. Kabuku ka boma kaja nakonso kamachenjeza za kusankha munthu amene aziyang'anira ntchito yomangayo. N'kovuta kuti munthu aone cholakwa pa pulani imene anajambula yekha. Wobwera kudzera mwa kontilakita amene amamupatsa ntchito chaka chonse naye mumufunse mafunso ochuluka.

Njira yachitatu: saveya wosankha inu nokha

Apa neba ali ndi wake, inu muli ndi wanu, ndipo awiriwo asanachite china chilichonse amasankha wachitatu, third surveyor, woweruza akasemphana. Zimafanana ndi ankhoswe: aliyense amachokera kumbali yake, koma ntchito yawo ndi kusunga chilungamo pakati pa awiriwo, osati kupambanitsa amene anawatuma. Anthu ambiri amakhumudwa pamenepa, poganiza kuti apeza loya waulere. Saveya wanu akaona kuti neba akulondola, adzasaina.

*Mtengo.* Pa ntchito yopindulira neba yekha, ndi neba amene amalipira onse awiri, koma lamulo limangonena za ndalama zoyenera. Saveya wa mbali yanu kawirikawiri amawerengera pa ola, ndipo mnzake uja ayenera kuvomereza kuti maolawo ndi omveka. Akapanda kuvomereza, nkhani imapita kwa wachitatu, amene angathe kudula biluyo. Funsani tsopano, polemba: biluyo ikadulidwa, zotsalazo adzazifuna kwa ine kodi? Werengani kalata yomusankhira mzere ndi mzere kufunafuna mawu okuikani pa ngongole imeneyo. Dziwaninso kuti mukamutuma zinthu zakunja kwa lamuloli, monga kukangana za malire, bilu imeneyo ndi yanu. Mukatengera nkhani kwa wachitatu n'kuluza, angagamule kuti mulipire inu.

*Kupezeka.* Ku London ndi m'mizinda ikuluikulu ngati Manchester, Birmingham ndi Leeds alipo ambiri. M'matauni ang'onoang'ono amachepa. Sankhani wapafupi, chifukwa wakutali amawerengera maola a panjira, ndipo tsiku limene mng'alu waoneka sangafike msanga. Wa m'dera lanu amadziwanso nthaka yake. Dothi la makande la ku London limafufuma likanyowa ndi kunyala kukauma, ndipo zimenezi zimasintha kuzama kumene maziko ayenera kufika.

*Zoti muzisamalira.* Dziwani dzina la wachitatu kuyambira pachiyambi, poti inunso muli ndi ufulu womulembera. Yankhani msanga saveya wanu akafuna kulowa m'nyumba. Iyenso asazengereze: akakhala masiku 10 osachitapo kanthu mnzake atamupempha, lamulo limalola mnzakeyo kupitiriza yekha pa nkhaniyo, ndipo mawu a mbali yanu amasowa.

*Zoopsa.* Zimatenga nthawi, ndipo neba amene walipira kawiri angathe kusunga chakukhosi. Anthu amenewa muzionana nawo m'mawa uliwonse potulutsa zinyalala. Ndi bwino kumuuza pamaso, kalata isanafike, kuti simukutsutsa zomanga, mukungofuna maso awiri pa maziko.

Ubwino wake umaonekera pa ntchito yaikulu. Saveya wanu angapemphe injiniya wodziimira payekha kuti aunike masamu a zitsulo ndi njira yochirikizira maziko. Angakukumbutseni kuti maziko a konkire yazitsulo sangalowe pansi pa malo anu popanda chilolezo chanu cholemba. Angakuthandizeninso kugwiritsa ntchito ndime 12, imene imakulolani kupempha kuti neba aike chikole cha ndalama ntchito isanayambe, kuti kontilakita akathawa dzenje lili pululu m'mbali mwa nyumba yanu, pakhale potengera ndalama zotsekera. Chikole chimenechi chimapemphedwa ntchito isanayambe, ndipo anthu ambiri amachimva mochedwa.

Njira yachinayi: wa kalata yogwera pachitseko

Mapempho a chilolezo chomangira amaikidwa poyera pa intaneti ya khansolo. Alipo makampani amene ntchito yawo ndi kuwerenga mndandanda umenewo, n'kulembera nyumba zoyandikana. Kalata yake imafika nthawi zina neba asanakuuzeni n'komwe. Imatchula adiresi yake ndi nambala ya pempho lake, imakamba za nyumba zong'ambika, imabwereza kuti simudzalipira kanthu, ndipo pansi pake pali fomu yolembedwa kale, yongodikira siginecha.

*Mtengo.* Mawu akuti n'zaulere ndi oona pang'ono chabe, monga taonera pamwambapa. Maola akachuluka, mkangano wa bilu umayamba, ndipo dzina lanu ndi limene lili pa fomu.

*Kupezeka.* Simumusaka, wabwera yekha. Ubwino wake ndi womwewo basi.

*Zoti muzisamalira.* Muzichita kulondalonda. Nthawi zambiri wolemba kalatayo si amene amabwera kudzaona nyumba.

*Zoopsa.* Si onse olemba makalatawa amene ali achinyengo, koma fomu imeneyo ndi kusankha kosabwezedwa kuja. Mukasaina musanaone notice, mwadzimanga kwa munthu amene simunamufufuze, pa ntchito imene simukuidziwa kukula kwake. Ngati kalatayo yakukopani, muyezeni ndi miyeso yomwe ija: analembetsa kuti, ali ndi inshuwalansi yanji, ofesi yake ili kuti, chitsanzo cha ntchito yake chili kuti.

Njira yachisanu: kukhala chete

Ambiri amagweramo osadziwa, makamaka ogwira ntchito za usiku amene makalata amaunjikana pakhomo, kapena amene apita kumudzi kwa mwezi wathunthu.

*Mtengo.* Simulipira. *Kupezeka.* Masiku 14 akatha, neba amakulemberaninso kukupatsani masiku 10 oti musankhe saveya, ndipo mukapanda kutero amakusankhirani iye. *Zoti muzisamalira.* Muloleni wosankhidwayo alowe kuti alembe schedule of condition, apo ayi mudzasowa umboni. *Zoopsa.* Kukhala chete sikuimitsa ntchito. Kumangopereka kwa neba ufulu wanu wosankha, ndipo wosankhidwayo nayenso simungamuchotse. Ngati mukudziwa kuti neba ali ndi mapulani ndipo inu muli ndi ulendo, mupatseni adiresi ya imelo, mugwirizane polemba kuti makalata azidzera kumeneko.

Wina angafunse za kusankha mlamu wake amene amagwira ntchito yomanga. Lamulo limalola, koma ine sindingalimbikitse. Alibe inshuwalansi, ndipo award yolembedwa molakwika imagwa kukhothi.

Neba akayamba popanda notice

Mu 2023 khothi la apilo, Court of Appeal, linagamula kuti ngati womanga sanapereke notice, njira ya asaveya ya lamuloli siyingayambe. Tanthauzo lake n'lakuti saveya amene akukuuzani kuti alemba award pa ntchito yopanda notice akukugulitsani pepala lopanda mphamvu. Chochita n'kujambula nyumba yanu tsiku lomwelo, kulembera neba kuti aime ndi kupereka notice, ndipo akakana, kupita kwa loya amene angakapemphe khothi kuti liimitse ntchitoyo. Onaninso inshuwalansi ya nyumba yanu, chifukwa ina imakhala ndi gawo lolipirira maloya.

Iti ikuyenera ndani

Ngati ntchito ndi yaing'ono, monga kulowetsa chitsulo chimodzi kapena kumanga kachipinda kamodzi kumbuyo, mapulani mwawaona, ndipo nebayo mwakhala naye bwino kwa zaka, vomerani polemba, koma schedule of condition ilembedwe kaye ndi katswiri, onse awiri musaine.

Chipinda cha kudenga, kugumula chumuni chotsamira khoma logawana, kapena kukulitsa khitchini ndi maziko atsopano m'mbali mwa anu, zimenezi zimayenda bwino ndi saveya mmodzi, malinga ngati mwamufufuza nokha ndipo alibe dzanja m'mapulani kapena m'kampani yomanga. Ngati dzina lili mu notice silikukutsimikizirani, tchulani lanu.

Sankhani wanu wanu ngati akukumba chipinda chapansi pa nthaka, ngati akuchirikiza maziko a khoma logawana, ngati nyumba yanu ili kale ndi ming'alu kapena inayamba yatitimirapo, ngati womangayo ndi kampani yogula nyumba n'kugulitsa imene sidzakhalapo chaka chamawa, kapena ngati inu ndi neba simulankhulana. Pa kampani yotereyi ndi pa dzenje lakuya, funsani za chikole cha ndime 12 pa foni yoyamba.

Okhala m'mafulati a leasehold alankhule ndi mwini freehold, yemwe ndi mwini malo ndi chinyumba chonsecho, ndi anzawo a m'nyumbamo, chifukwa aliyense amalandira notice yake, ndipo kugwirizana pa saveya mmodzi wa mbali yawo yonse kumachepetsa bilu ya neba ndi chisokonezo cha anthu ambiri olowa m'nyumba. Ngati nyumbayo munaika alendi ndipo inu muli ku Lilongwe kapena mumzinda wina, saveya wanu wanu wa m'dera la nyumbayo ndiye wofunika, ndipo muwauze alendiwo tsiku limene adzabwere kuti amutsegulire zipinda zonse.